Mafunso ndi mayankho: kujambula m'bale wako akuthamanga pa mpikisano wa pamsewu pakati pa chinamtindi cha anthu

Ine ndimakhala kuno ku Dedza boma, ntchito yanga si yojambula ayi koma kwathu kukakhala chinkhoswe kaya ubatizo foni amapatsa ine. Achemwali anga anayamba kuthamanga m'mawa uliwonse cha kumunsi kwa phiri kuno, kenaka anakopa atsibweni, kenaka mphwanga, nde pano kukamveka mpikisano ku Lilongwe kaya ku Blantyre timanyamuka banja lonse, iwo kukathamanga ine kukajambula. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amandifunsa kawirikawiri akaona zithunzi zanga. Chimene ndimauza aliyense poyamba n'chakuti m'bale wanuyo adzadutsa pamene mwaimapo kamodzi kokha, masekondi asanu kaya sikisi, ndipo sabwereranso kuti mujambule bwino. Ntchito yonse nde ili pa kukonzekera masekondi amenewo.

Kodi foni yanga ya itel kapena Tecno ingakwanitse, kapena mpaka kamera yaikulu?

Ikwanitsa, bola kunja kukhale kowala komanso muime pafupi. Kamera yaikulu ya Canon kaya Nikon ili ndi ubwino wake, makamaka ngati munthu ali patali, koma zithunzi zambiri zimene zili pakhoma kwathu zinachokera pa foni. Pukutani kagalasi ka kamera ndi kansalu kofewa musanayambe. Foni imakhala m'thumba, imagwiridwa ndi manja amene angodya kumene tchipisi cha pa chiwaya, kagalasi kaja kamachita mafuta nde chithunzi chimatuluka ngati mwajambulira mu utsi.

Ndikaime pati?

Funso lalikulu ndi limeneli ndipo anthu ambiri amalakwitsa pomwepa. Aliyense amathamangira poyambira ndi pomalizira. Poyambira othamanga amakhala atapanikizana ngati matumba a mbatatesi mu lole, mungoona mitu ndi mapewa basi, m'bale wanu ali pakati penipeni. Pomalizira napo pamakhala zotchinga, atolankhani, akuluakulu a mpikisano, masipika, ndi abale a anthu ena onse atakweza mafoni m'mwamba.

Ine ndimakonda pakati pa njira, makamaka kupitirira theka. Pa mpikisano wa makilomita 10 ndimafuna cha pa kilomita 6 kapena 7, pa wa 21 cha pa 14 kaya 15, chifukwa pofika pamenepo chigulu chija chamwazikana, othamanga akubwera awiriawiri, atatuatatu, pena mmodzi yekha ndi mpata kumbuyo kwake. Ngati pali chitunda, imani pamwamba pake. Pokwera munthu amachepetsa liwiro nde mumapeza masekondi ena owonjezera, komanso amene ali kumbuyo kwake amakhala m'munsi, samuphimba. Pakona napo ndi pabwino, imani kunja kwa kona kuti azibwera molunjika kwa inu asanakhote. Pamene amagawa madzi pewani, pamakhala chipwirikiti, makapu pansi, anthu akudutsana uku ndi uku ndipo nkhope ya m'bale wanu ibisika ndi botolo.

Mapu a njira okonza mpikisano nthawi zambiri amatulutsa tsiku lisanafike, afunseni othamangawo akutumizireni. Mipikisano ngati Be More Race ya Standard Bank ku Lilongwe imakhala ndi mitunda yosiyana, 5, 10 ndi 21, ndipo njira zake sizifanana monse, nde onetsetsani kuti mapu amene mukuona ndi a mtunda umene m'bale wanuyo walembetsa. Njira ikakhala yopita n'kubwerera mumsewu womwewo muli ndi mwayi, mumuona kawiri osasuntha.

China, ife ochokera kuno Lilongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85, ndipo mipikisanoyi imayamba m'mamawa, misewu ina amatseka. Kudalira minibasi ya tsiku lomwelo, imene iyambe yadikira kudzaza kenaka kuima pa Linthipe, kuima pa Chimbiya, kuima pa Nathenje, mukafika anthu atanyamuka kale. Kagoneni kwa abale dzulo lake, ndipo ngati mpata ulipo madzulo kayendeni kukaona malo amene mwasankhawo ndi maso anu.

Ndidziwa bwanji nthawi imene adutse?

Afunseni kuti kilomita imodzi amatha mphindi zingati, othamanga ambiri amadziwa. Akati mphindi 6, nde pa kilomita 7 afika patatha mphindi 42, akati mphindi 7 nde 49. Onjezerani mphindi imodzi kaya ziwiri chifukwa amene ali kumbuyo kwa chigulu amachedwa kudutsa mzere woyambira, komanso werengerani kuchokera nthawi imene anyamukadi, osati imene inalembedwa pa chikalata. Ngati inu muli kutali ndi poyambira, pakhale munthu kumeneko woti akuimbireni kuti anyamuka tsopano. Mukatero khalani okonzeka mphindi 10 nthawi yanu isanakwane, chifukwa tsiku la mpikisano anthu amayamba ndi moto, achemwali anga amafika msanga kuposa mmene amanenera nthawi zonse.

Ngati akuthamanga ndi foni angathe kuyatsa live location pa WhatsApp, imene imakuonetsani kadontho pamapu pamene iye ali, pamakhala posankha mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, asankhe maola 8 kuti isathere panjira. Imathandiza koma musaikhulupirire kwambiri, pamene pali anthu ambiri netiweki imalemera ndipo kadontho kaja kamatsalira m'mbuyo, inu maso ali pa sikirini munthu akudutsa kutsogolo kwanu. Zinandichitikira ndi atsibweni ulendo wina, ndinangomva mawu awo akundiitana atadutsa kale, chimene ndinatola ndi msana. Anali atakonzekera miyezi itatu, bambo wa zaka zopitirira 50, ndipo zinandiwawa masiku angapo.

Onse avala malaya ofanana, ndimuzindikira bwanji?

Eya, okonza mpikisano amagawa matisheti a mtundu umodzi nde msewu wonse umaoneka ngati ana a sukulu imodzi. Gwirizanani chinthu chimodzi chosiyana chimene chili kumutu, chifukwa mutu ndi umene umaoneka pagulu: kapu yofiira, duku lachikasu, kansalu kachitenje komanga pachipumi. Achemwali anga amamanga duku la olenji ndipo ndimaliona ali patali ndithu. Nambala ya pachifuwa ilembeni padzanja koma imawerengeka munthu ali pafupi kale.

Chofunika kwambiri n'chakuti iyenso akuoneni inu. Muuzeni kuti ndikakhala pamwamba pa chitunda chakuti, mbali ya kumanzere kwako, nditavala juzi yobiriwira. Nenani kumanzere kwa wothamangayo, osati kwanu, apo ayi musokonezana. Akadziwa, amayamba kusendera mbali yanu akadali patali, amatuluka m'chigulu, amadzutsa mutu, ndipo nkhope imene imabwera akakuonani simungaipeze mwa njira ina iliyonse. Tengani mwana kapena mlamu woti aziyang'ana ndi kukuwa dzina, inu ntchito yanu ikhale foni basi.

Bwanji zithunzi zanga zimatuluka zachimbuuzi pomwe munthu ndinamuona bwinobwino?

Pali zifukwa ziwiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Choyamba ndi liwiro la shata. Kamera imatsegula diso lake kwa kanthawi kochepa kuti kuwala kulowe, nde chilichonse chimene chasuntha mu kanthawi kameneko chimatuluka chokokeka. Munthu wothamanga kilomita pa mphindi 6 amayenda mamita pafupifupi 2.8 pa sekondi, manja ndi mapazi amathamanga kuposa pamenepo. Akatswiri enieni nde osanena, Kelvin Kiptum pamene ankathamanga 2:00:35 ku Chicago mu 2023 ankayenda mamita pafupifupi 5.8 pa sekondi kwa makilomita onse 42. Foni ikasiyidwa kuti isankhe yokha, kunja kukakhala kwa mitambo imatha kutsegula diso nthawi yaitali, 1/50 kaya 1/100 ya sekondi, ndipo pamenepo miyendo imasanduka utsi. Ngati foni yanu ili ndi Pro mu kamera, lowani mmenemo, pezani pamene palembedwa S kapena manambala okhala ngati 1/125, ikani pa 1/500, dzuwa likakhala lambiri 1/1000. Chithunzi chikada kwezani ISO, nambala imene imawalitsa chithunzi, kapena isiyeni pa auto izidzikweza yokha. Chithunzi chokhala ndi timadontho ta ISO yokwera chimaoneka ndithu, koma nkhope yokokeka palibe chimene mungaichite. Pa kamera yaikulu ndi chimodzimodzi, liwiro la shata mumalisintha mukaika pa Tv pa Canon, S pa Nikon.

Chachiwiri ndi fokasi. Foni siidziwa kuti mwa anthu makumi awiri amenewa wanu ndi uti, imangogwira amene ali pafupi kapena chikwangwani cha kumbuyo. Chimene ndimachita, ndikafika pamalo ndimasankha chizindikiro pamsewu, kaya mzere woyera kaya chigamba cha phula, mamita anayi kapena asanu kuchokera pamene ndaima, ndimadina pamenepo pa sikirini n'kugwirira mpaka fokasi itatsekeka, nde ndimadikira munthu afike pa chizindikiro chija. Mafoni ambiri amalola zimenezi, pa iPhone pamalemba AE/AF LOCK, ena pamabwera kachizindikiro ka loko. A kamera yaikulu ikani AI Servo pa Canon kapena AF-C pa Nikon kuti fokasi izimutsatira akamabwera.

Ndipo munthu amene akubwera molunjika kwa inu savuta kumuimitsa pa chithunzi kusiyana ndi amene akudutsa cham'mbali. Nchifukwa chake ndimalimbikira za pakona ndi pachitunda zija. Yesererani pa anthu ena amene akudutsa wanu asanafike, jambulani khumi, onani, konzani. Otsogola aja ndi aphunzitsi anu aulere.

Nanga burst ndi chani, ndiyofunika?

Yofunika kwambiri. Ndi pamene foni imatola zithunzi zambiri motsatizana mukagwirira batani. Munthu akamathamanga, phazi likamenya pansi nkhope imagwa, masaya amalendewera, thupi limaoneka lolemera ngati watopa kale olo angoyamba kumene. Kanthawi kochepa kotsatira ali m'mwamba, mapazi onse achoka pansi, akuoneka wamphamvu. Ndi chala simungasankhe kanthawi kameneko, koma mu zithunzi khumi ndi zisanu zotsatizana mupezamo ziwiri kapena zitatu zabwino. Kayatsidwe kake kamasiyana: pa Samsung zambiri mumakokera batani pansi n'kugwirira, pa iPhone zatsopano mumakokera kumanzere, mafoni ena mumangogwirira batani, koma samalani ena mukagwirira amayamba vidiyo. Yesani dzulo lake pa mwana akuthamanga pabwalo. Musayambe msanga akadali kadontho, dikirani adzaze theka la sikirini.

Ndingagwiritse ntchito zumu?

Yokoka ndi zala ziwiri ija ayi, imangodula chithunzi n'kuchikulitsa, chimaphwanyika. Ngati foni ili ndi kamera yapadera ya 2x kapena 3x imeneyo ndi bho. Apo ayi dikirani afike pafupi, mudzadula bwino kunyumba. Fulashi nayo zimitsani, siifika patali ndipo imachedwetsa foni.

Bwanji ndingojambula vidiyo?

Ngati manja anu amanjenjemera mukasangalala, vidiyo ndi yabwino ndipo ili ndi chinthu chimene chithunzi chilibe, mawu. Nthungululu za amayi anga pamene achemwali ankadutsa, timabwereza kumvera mpaka lero. Mutha kudula chithunzi kuchokera mu vidiyo koma dziwani kuti ya 1080p imapereka chithunzi cha mamegapikiselo awiri okha, ya 4K pafupifupi 8, nde yoyambayo ndi yokwanira pa WhatsApp koma yotsukitsa yaikulu ayi. Mukakhala awiri gawanani, wina vidiyo wina zithunzi. Kusinthasintha munthu ali pafupi mutaya zonse ziwiri.

Dzuwa likhale mbali iti? Nanga kukachita nkhungu ngati kuno?

Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena cham'mbali, liziwala pankhope ya wothamangayo. M'mawa lili kum'mawa ndipo lili pansi, mukaloza foni komweko munthu atuluka ngati chithunzithunzi chakuda, makamaka ife a khungu lakuda titavala tisheti yowala, foni imayeza kuwala kwa tisheti ndi thambo nkhope n'kuisiya mumdima. Zikatero dinani pankhope n'kukweza kadzuwa kamene kamaoneka pambali pang'ono. Kapu nayo imaponya mthunzi m'maso, apempheni aikweze pang'ono akamayandikira. Pansi pa mitengo pamene kuwala kuli mawangamawanga pewani.

Za nkhungu ife a ku Dedza timazidziwa, tauni yathu ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo June ndi July m'mawa phiri limabisika lonse. Nkhungu ndi mitambo sizoipa, kuwala kwake ndi kofewa, nkhope imaoneka bwino popanda mithunzi, kungoti ndi kochepa nde ISO ikwere ndipo muime pafupi. Kuzizira kumadyanso batire msanga, foni isungeni m'thumba la mkati mwa jekete mpaka nthawi itayandikira, pawabanki musaiwale, komanso zala zikauma ndi chisanu batani simulimva bwino, ziikeni m'khwapa podikira.

Ndingalowe pang'ono mumsewu, kapena kumutsatira pa kabaza?

Ayi, chonde abale. Apa ndimalankhula mwamphamvu chifukwa ndinaonapo ndi maso. Bambo wina analowa masitepe awiri okha kuti ajambule mkazi wake, maso ali pa sikirini, mtsikana amene ankabwera cham'mbali anawomba phewa lake n'kugwa pa phula, mawondo onse magazi, zikhatho zosupuka. Anadzuka n'kupitiriza akutsimphina koma mpikisano wake unathera pamenepo. Munthu amene wathamanga makilomita khumi ndi asanu sangathe kukhota mwadzidzidzi, miyendo siimveranso. Mtsikana ameneyo nayenso ndi mwana wa munthu, kwawo ena anamudikira ndi foni ngati inu.

Kabaza wa njinga kaya wa njinga yamoto pakati pa othamanga ndi zomwezo, kuwonjezera utsi umene akupuma anthu otopa. Apolisi ndi oyang'anira njira akati bwererani, bwererani osakangana. Mukafuna chithunzi chooneka ngati muli mumsewu, gwadani m'mphepete penipeni foni ili cha m'mawondo, kujambula kuchokera pansi kumamukweza munthu, amaoneka wamtali, kumbuyo kwake kumakhala thambo m'malo mwa mitu ya anthu. Kabaza mugwiritse ntchito podutsa njira zachidule za kuseri kuti mukafike pa malo achiwiri, ndipo pezani wa m'dera lomwelo amene akudziwa tinjira, gwirizanani mtengo musanakwere.

Akuthamanga abale atatu, ndingawajambule onse?

Pamalo amodzi inde, ngati muima nji osasuntha mpaka womaliza atadutsa. Lembani nthawi ya aliyense papepala motsatizana. Vuto limabwera mukafuna kuthamangira pomalizira kukalandira woyambayo, pamenepo wochedwa uja adzadutsa pamalo amene munalonjeza n'kupeza palibe munthu. Ine ndinasankha kalekale kuti ndimadikira wa m'mbuyo. Mphwanga ndi wachangu, amathamanga ndi a kutsogolo kumene ojambula ena amakhala ambiri, chithunzi chake sichisowa. Atsibweni amabwera msewu utayamba kale kupepuka, oonerera ambiri atapita, ndipo ndi iwo amene amafunitsitsa kumva wina akuti limbani atsibweni, mwatsala pang'ono.

Ndiye pomalizira ndisapiteko?

Pitani, koma musalimbane ndi chithunzi cha pamzere penipeni. Imani mamita 200 kapena 300 mzere usanafike, pamenepo pamakhala mpata ndipo munthu akutulutsa mphamvu zake zomaliza. Kenaka mukakumane pamalo amene munagwirizana kale, pansi pa mtengo wakuti kaya pa geti lakuti, chifukwa kuimbirana pa phokoso lija simumvana. Mukamupeza muyambe mwamupatsa madzi ndi juzi, apume, foni ibwere pambuyo. Zithunzi za pamenepo ine ndimazikonda kuposa zothamanga: mendulo pakhosi, mchere woyera utauma m'masaya, nsapato zitavulidwa, mwana atakwera pamiyendo ya mayi ake akugwiragwira mendulo. Jambulaninso za m'mawa, akumanga nambala pachifuwa ndi mapini kunja kusanache.

Ndingaike pa Facebook chithunzi chilichonse chimene ndatola?

Muyambe mwamuonetsa mwini wake. Kuthamanga kumavula munthu ulemu pena, thukuta, malovu, nkhope yokwinyika, zovala zothina zitakwera. Kwa inu ndi chithunzi cha kunyadira koma kwa achemwali anu amene mawa akaima kutsogolo kwa kalasi kapena ku Mvano, mwina sichoncho. Amayi ambiri kuno amachita kulimba mtima kuti avale zothamangira n'kutuluka pamsewu anthu akuwayang'ana, chithunzi chimodzi choseketsa pa gulu la banja chingawabweze m'nyumba osadzathamanganso. Alamu ndi apongozi nde samalani kawiri. Anthu osawadziwa amene alowa kumbuyo si vuto pa mpikisano wa pagulu, koma munthu amene wakomoka, akusanza kapena akuthandizidwa ndi achipatala musajambule, tsitsani foni. Ana a eni ake musawaike pa intaneti popanda makolo kuvomera.

Bwanji ndikatumiza pa WhatsApp chithunzi chimachepa mphamvu?

WhatsApp imachifinya kuti bando isathe msanga. Potumiza dinani HD pamwamba, kapena tumizani ngati Document kuti chipite chonse mmene chilili, makamaka chimene mukufuna kukatsukitsa. Imadya data yambiri nde sankhani zisanu zabwino, osati kukhuthula zonse 200 pa gulu. Dzulo la mpikisano chotsani mavidiyo akale kuti malo akhalepo, foni yodzaza imakana kujambula pa nthawi yolakwika. Ndipo musafufute zithunzi muli pamsewu padzuwa, sikirini siioneka bwino, dikirani mukafike kunyumba mukhale pansi ndi tiyi muzione chimodzichimodzi mukukulitsa pankhope.

Zabwino kwambirizo sungani malo awiri, pa foni ina kapena pa Google Photos, chifukwa mafoni amabedwa m'minibasi ndipo memori khadi imafa osatsanzika. Chimodzi katsukitseni ku situdiyo. Agogo athu ku Bembeke alibe foni ya intaneti ndipo maso awo sikirini saionanso bwino, nde ndinawatsukitsira chachikulu cha atsibweni ali pamwamba pa chitunda, dzanja lili m'mwamba, kapu yofiira ili pamutu. Anachigwira ndi manja awiri nthawi yaitali, kenaka anafunsa ngati mwana wawoyo anadya asananyamuke. Pano chili pakhoma pafupi ndi kalendala ya tchalitchi, m'kapulasitiki kuti utsi usachidetse.